Mlakatuli wa ku Netherlands amene ankanyamula makiyi a ndende

Funso: Zikomo aphunzitsi. Ine ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito ya usilikali wa ndende. Ndinayamba kulemba ndakatulo ndili ku sekondale, koma masiku ano chilichonse chimene ndingalembe chimangothera m'selo: nkhope za akaidi, mawu awo, fungo limene limatichingamira m'mawa tikamatsegula zitseko. Mchimwene wanga amene akuphunzira ku Ulaya anandiuza kuti ku Netherlands kuli mayi wina, Ester Naomi Perquin, amene ankagwira ntchito ngati yangayi mpaka anadzakhala mlakatuli wa dziko lonse. Kodi ndi zoona? Ndi ndani mayi ameneyu ndipo analemba zotani? Nanga ineyo ndikulakwa kulemba za anthu amene ndimawatsekera? Nthawi zina ndikamaliza kulemba ndimadziona ngati ndawabera, ndipo usiku umenewo tulo sitibwera.

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Mchimwene wanu sanakunamizeni, ndipo inu simukupalamula mlandu uliwonse pogwira cholembera mukaweruka. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndi kuwerenga ndakatulo za anthu, ndalandirapo zolemba za anamwino, apolisi, ngakhalenso za bambo wina wogwira ntchito ku nyumba ya chisoni. Onsewa ankalemba za zimene amaona ku ntchito, ndipo amene ankadzifunsa funso ngati lanuli ndi amene zolemba zawo zinkakhala ndi mutu. Amene amandidetsa nkhawa ndi amene sadzifunsa n'komwe.

Ester Naomi Perquin anabadwa m'chaka cha 1980 mu mzinda wa Utrecht, koma anakulira ku Zierikzee, tauni yakalekale ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Zeeland, kummwera chakumadzulo kwa dzikolo. Atakula anakaphunzira luso la zolembalemba pa sukulu yotchedwa Schrijversvakschool ku Amsterdam. Sukuluyo inkafuna ndalama, ndiye kuti apeze fizi analowa ntchito yoyang'anira akaidi, ndipo anaigwira kwa zaka zingapo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa anthu ambiri akamafotokoza mbiri yake amaikometsera ngati kuti analowa m'ndende kukasaka ndakatulo. Ayi ndithu. Analowamo kukasaka malipiro, ngati mmene munaloweramo inuyo. Ndakatulozo zinachita kumupeza m'menemo.

Buku lake loyamba, Servetten halfstok, linatuluka mu 2007 ku kampani yosindikiza mabuku ya Van Oorschot ya ku Amsterdam. Lachiwiri, Namens de ander, kutanthauza kuti "m'malo mwa wina", linatuluka mu 2009. Mabuku awiriwa anamutchukitsa pakati pa okonda ndakatulo ndipo anamupezetsa mphoto zingapo, koma sanali mabuku a za ndende. Buku limene inu mukulifuna ndi lachitatu, la mu 2012, lotchedwa Celinspecties, lomwe ife tingati "chipikisheni cha m'maselo". Taonani mmene anadikirira. Nkhani imene wina aliyense akanathamangira nayo koyamba, chifukwa ndi yokopa ndipo atolankhani amaikonda, iye anaisunga mpaka dzanja lake litakhwima. Ine ndimakhulupirira kuti akanayamba ndi bukuli, likanakhala la munthu amene akutionetsa zoopsa zimene waona. Mmene linatulukiramu ndi la munthu amene wakhala nazo nthawi yaitali mpaka wazimvetsa.

Chipikisheni inu mukuchidziwa kuposa ine. Mumalowa m'malo mmene munthu amagona, n'kutukula bulangete, kupisa dzanja m'kachikwama, kutambasula kakalata kopindidwa kanayi, kuyang'ana kuseri kwa chithunzi cha mwana. Mukufuna foni, chamba kapena kachitsulo konola, koma zimene dzanja lanu limakhudza kwambiri ndi zinthu zopanda mlandu, zomwe ndi moyo wonse umene munthuyo watsala nawo. Buku la Perquin limayenda chimodzimodzi. Limalowa mwa munthu mmodzimmodzi, kuyang'anamo, kenaka n'kutuluka. Ndakatulo zingapo mitu yake ndi maina a amuna olembedwa mwa mtundu wina wake: dzina loyamba lonse, kenaka chilembo chimodzi chokha cha dzina la bambo. Kwa ife zimaoneka zachilendo, koma munthu wa ku Netherlands amazizindikira nthawi yomweyo, chifukwa umo ndi mmene nyuzipepala zakumeneko zimatchulira anthu oganiziridwa milandu. Ngakhale munthu amene anapha wandale Pim Fortuyn mu 2002 ankalembedwa kuti Volkert van der G. Ndiye wowerenga akangoona mutu wotere amadziwa kuti akukumana ndi munthu wa m'nkhani za ku khoti, munthu amene anazolowera kumuwerenga m'mizere iwiri ya nyuzipepala n'kupukusa mutu. Kenaka munthu uja amatsegula pakamwa n'kuyamba kuyankhula yekha.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli. Perquin salemba kuti "taonani munthu woipa uyu", komanso salemba kuti "mumvereni chisoni, ndi umphawi unamuchititsa". Amangomupatsa mpata kuti ayankhule, ndipo amayankhula ngati munthu wamba, mwaulemu, mwina moseketsa, mwina modandaula za tinthu ting'onoting'ono. Wowerenga umapezeka ukugwedezera mutu, ukumumvetsa, kenaka mzere umodzi umakudzidzimutsa kuti munthu amene ukugwirizana nayeyu anachita chinthu chonyansa. Pali ndakatulo ina imene ndimakonda kuwerengera ophunzira anga, yolembedwa ngati sitetimenti ya ku polisi. Woyankhulayo akuyamba ndi kukana kuti usiku umenewo kunalibeko. Kenaka akuti ngati analiko, sanadziwe kanthu. Akamapitiriza kukana, m'pamene akuulula zambiri, mpaka iwe womvera umaona chilichonse chimene chinachitika ngakhale mwiniwake sanavomere kalikonse. Mlakatuli sanaikepo mawu ake ngakhale amodzi oweruza. Ndikamaliza kuwerenga, m'kalasi mumakhala zii, kenaka wina amafunsa kuti, "Ndiye anapha kapena sanaphe?" Funso limenelo ndi umboni woti ndakatuloyo yagwira ntchito yake.

Munthu sangalembe chonchi ngati sanamvetsere kwa nthawi yaitali mmene anthu amadzilungamitsira. Inu mumamva zimenezi tsiku ndi tsiku: "bwana, ine anangondinamizira", "ndinangoperekeza mnzanga", "mowa ndi umene unalakwa". Ena akunena zoona, ena akunama, ndipo ambiri afika poikhulupirira nkhani imene anaipeka okha. Chimene Perquin anatuluka nacho m'ndende si nkhani zoopsa ayi, nkhani zoopsa zili m'nyuzipepala iliyonse. Anatuluka ndi khutu lozolowera kayankhulidwe ka munthu amene akudzibisa kuseri kwa mawu ake omwe.

Chiyankhulo chakenso n'chosavuta. Amalemba Chidatchi cha tsiku ndi tsiku, chosasamala zoti mizere ithere mofanana, ziganizo zake zimadutsa kuchoka pa mzere wina kupita pa wina ngati munthu akucheza, ndipo nthabwala zake n'zouma, zosachita kukuuza kuti seka apa. Pamenepa ndinene maganizo anga mosabisa. Ndakatulo zambiri za ndende zimene anthu amanditumizira zimatha ndi ulaliki: tiyeni tileke umbava, ndende si malo abwino, achinyamata samalani. Pa wailesi ndi pa msonkhano zoterezi zimaombedwa m'manja, ndipo zili ndi malo ake. Koma wowerenga amadziwa kale kuti kuba n'koipa. Chimene sadziwa ndi mmene mawu a mkaidi amasinthira tsiku limene amayembekezera alendo koma palibe amene wabwera. Zimenezo mukuzidziwa ndinu, ndipo n'zimene ndingakonde kuwerenga kuchokera kwa inu.

Celinspecties inapata mphoto ya VSB Poëzieprijs mu 2013, yomwe pa nthawiyo inali mphoto yaikulu kwambiri ya buku la ndakatulo za m'Chidatchi, ya ndalama zokwana mayuro 25,000. Pa nthawi yomweyo, kuyambira 2011 mpaka 2013, Perquin anali mlakatuli wa mzinda wa Rotterdam, kumene anakhazikika. Mizinda yambiri ya ku Netherlands ndi ku Belgium ili ndi udindo umenewu: amasankha mlakatuli mmodzi kuti kwa chaka kapena zaka ziwiri azilemba za zochitika mu mzindawo. Mu 2017, chaka chimene anatulutsa buku lake lachinayi lotchedwa Meervoudig afwezig, anasankhidwa kukhala Dichter des Vaderlands, mlakatuli wa dziko lonse, mpaka 2019. Uwu ndi udindo umene mchimwene wanu ankanena.

Koma musauone ngati mpando wa boma wokhala ndi galimoto ndi ofesi. Udindowu unayamba m'chaka cha 2000, ndipo anauyambitsa si boma koma nyuzipepala ya NRC Handelsblad pamodzi ndi nyumba ina youlutsa mawu ndi bungwe la Poetry International. Woyamba anali Gerrit Komrij. Ntchito yake ndi kulemba ndakatulo pakagwa chinthu chokhudza dziko, kaya maliro, chisankho, ngozi kapena chikondwerero, komanso kuyendayenda kukopa anthu kuti aziwerenga ndakatulo. Perquin asanalowe panali Ramsey Nasr, mwana wa bambo wa ku Palestine ndi mayi wa ku Netherlands, kuyambira 2009 mpaka 2013, kenaka Anne Vegter, mayi woyamba kukhala pa udindowu. Atachoka Perquin panabwera Tsead Bruinja, amene amalembanso m'chiyankhulo cha Frisian, kenaka Lieke Marsman mu 2021 ndi Babs Gons mu 2023. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene analembedwa ntchito yotamanda mfumu kapena nduna.

Ndipo musaganize kuti kumeneko ndakatulo zimalemeretsa. Chidatchi chimayankhulidwa ndi anthu oposa 20 miliyoni ku Netherlands, ku Belgium ndi ku Suriname, koma ogula mabuku a ndakatulo ndi ochepa ngati kwina kulikonse. Alakatuli amadya za kuwerenga pa misonkhano, kuphunzitsa, kulemba m'nyuzipepala ndi kugwira ntchito pa wailesi. Perquin mwiniwake wakhalapo mkonzi wa magazini ya zolembalemba ya Tirade komanso wolemba danga m'magazini ya De Groene Amsterdammer. Kusiyana kwake n'koti kumeneko kuli thumba la boma, Nederlands Letterenfonds, limene limapereka ndalama kwa alembi kuti apeze nthawi yolemba, ndiponso limathandiza kulipira omasulira mabuku awo m'ziyankhulo zina. N'chifukwa chake mlakatuli wa chiyankhulo chaching'ono chonchi tikutha kumuwerenga kuno. Ndikunena izi kuti musathamangire kusiya ntchito.

Ndende zimene Perquin ankagwiramo nazonso n'zosiyana ndi zanu. Ku Netherlands mkaidi kawirikawiri amakhala yekha m'selo, kapena awiri. Panafika nthawi, kuyambira cha m'ma 2009, imene dzikolo linayamba kutseka ndende chifukwa akaidi anachepa, mpaka linabwereketsa ndende ya ku Tilburg kwa dziko la Belgium, ndi ina ya ku Veenhuizen kwa dziko la Norway mu 2015. Choncho m'ndakatulo zake muli munthu mmodzi ndi makoma anayi, kusungulumwa ndi nthawi yosatha. Inu mukatsegula chitseko mumapeza khamu, anthu ogona mopanikizana, nyapala akukuwa, mzere wa chakudya. Mukatengera Perquin mmene alili, mudzalemba ndende ya eni ake. Mutengereni kamvetseredwe kokha, zinazo mulembe za pamene mwaima.

Pali ulusi wina umene umalumikiza mzinda wa Perquin ndi ndende za kwathu kuno. Chikondwerero cha Poetry International chimachitikira ku Rotterdam kuyambira 1970, ndipo mu 1988 chinapereka mphoto yake kwa Jack Mapanje, iye ali m'ndende ya Mikuyu, kumene anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ndatchula Mapanje chifukwa ambirife ndakatulo za ndende timazidziwa kuchokera kwa iye ndi anzake, anthu amene anali mkati mwa chitseko. Wotsekeredwa akalemba za womutsekera, palibe amene angamufunse kuti chilolezo wachitenga kuti, pakuti cholembera ndicho chida chokha chimene watsala nacho. Inu ndi Perquin muli mbali inayo. Makiyi ali m'thumba mwanu, madzulo mumapita kwanu, ndipo munthu amene mukumulembayo sangakukanizeni, sangakuyankheni, mwinanso sadzawerenga n'komwe. Kudziona ngati mwaba kumene mukunenaku kukuchokera pamenepo, ndipo sindikuuzani kuti mukuchotse. Kumakuthandizani kuti musamaone anthuwo ngati munda wokololamo ndakatulo.

Ndiye muchite bwanji? Lembanibe, koma musiyanitse kulemba ndi kufalitsa. Kope lanu la kunyumba lingalandire chilichonse, bola lisapite ku ntchito ndipo lisagone pamene ana kapena alendo angalitsegule. Kufalitsa ndi nkhani ina. Ngozi yaikulu masiku ano si buku, ndi foni: munthu walemba usiku mtima uli m'mwamba, m'mawa waponya pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, ndipo pofika masana wachibale wa mkaidi uja wazindikira kuti akunenedwa ndi ndani. Kwathu kuno chilembo chimodzi cha dzina sichibisa munthu. Mukangotchula boma limene amachokera, mlandu wake ndi chipsera cha pa tsaya, mudzi wonse wamudziwa. Sinthani zonse zimene zingamuulule, kapena phatikizani anthu atatu anayi kuti atuluke munthu mmodzi amene kulibe. Ndakatulo siluza kanthu mukatero, chifukwa chimene chimaigwiriziza ndi mawu ndi kaganizidwe, osati nambala ya fayilo.

Za munthu amene ali pa limandi, amene mlandu wake ukadali ku khoti, musafalitse kalikonse, ngakhale atakuuzani yekha. Zimene mkaidi wakuuzani pa nthawi ya kufooka kwake, usiku atadwala kapena atalandira uthenga wa maliro, anauza msilikali amene anamukomera mtima, sanauze dziko. Kumbukiraninso kuti kuseri kwa mkaidi aliyense wa mlandu waukulu kuli banja lina limene linalira. Ili ndi vuto limene ngakhale buku la Perquin sililithetsa kwathunthu, ndipo ine sindikuona kuti lingathe: ukapatsa wopalamula mawu okoma, wophedwayo amakhalabe chete. Perquin amalipeputsa posalola kuti wowerenga aiwale chimene chinachitika. Inu mukalemba ndakatulo yotere, muiwerengenso mukudziyesa mayi wa wolakwiridwayo, muone ngati mungaipirire.

Palinso malamulo a ntchito yanu. Ogwira ntchito za chitetezo amakhala ndi zoletsa pa zimene anganene pagulu, makamaka zokhudza kayendetsedwe ka ndende, nthawi zosinthana, malo ofooka a mpanda ndi zina zotero. Musanatumize ndakatulo ku nyuzipepala, ku wailesi kapena ku mpikisano, werengani bwino malamulo amene munasainira, ndipo ngati pali pokayikitsa funsani munthu wodziwa zamalamulo. Dzina lopeka limathandiza, koma si chishango chokwanira ngati zimene mwalembazo zingadziwike ndi anthu asanu okha. Njira imene ndimalangiza anthu ambiri ndi ya Perquin yomweyo, yodikira. Ndakatulo yabwino ya chaka chino idzakhalabe yabwino zaka zisanu zikubwerazi, pamene anthu ake adzakhala atatuluka kapena inu mutasamutsidwa.

Njira ina, imene alembi atsopano saiganizira, ndi kutembenuza diso. M'malo molemba za mkaidi, lembani za msilikali. Kulemera kwa makiyi pa lamba, mmene mumasambira m'manja musananyamule mwana wanu, mmene mumawerengera anthu m'basi mosazindikira chifukwa munazolowera kuwerenga mitu. Nkhani imeneyo ndi yanu, simukubera aliyense, ndipo m'Chichewa sindinaiwerengepo kawirikawiri.

Tsopano za tulo. Usiku umodzi wosagona utatha kulemba chinthu cholemera si matenda, alembi ambiri zimawachitikira. Yesani kulemba masana a tsiku lopuma m'malo mwa usiku, ndipo mukatseka kope muchite kanthu kena ndi manja musanakagone. Koma ngati kusagonako kwatenga masabata, ngati mukulota zomwezomwezo, kudzidzimuka ndi phokoso la chitseko, kukalipira ana popanda chifukwa, kusowa chilakolako cha chakudya, kapena mwayamba kudalira mowa kapena mapiritsi kuti mugone, ndiye kuti gwero si ndakatulo. Ndi zimene mukuona ku ntchito, ndipo kope palokha silingazinyamule. Pitani ku chipatala mukafunse dokotala kapena namwino woona za maganizo, ndipo ngati kuntchito kwanu kuli mlangizi kapena abusa amene mumawakhulupirira, yambirani pamenepo. Maganizo ofuna kudzivulaza akangobwera, musadikire tsiku lopuma, pitani tsiku lomwelo ndipo muuze munthu wapafupi.

Pa luso lenilenilo, pezani owerenga awiri kapena atatu amene sangakunyengerereni, ndipo asakhale a kuntchito kwanu. Mabungwe ngati Malawi Writers Union ndi Poetry Association of Malawi ndi poyambira pabwino kupeza anthu otere. Za Perquin, simukufunika kudziwa Chidatchi. David Colmer, womasulira wa ku Australia amene amakhala ku Amsterdam, anamasulira ndakatulo zake zosankhidwa m'Chingerezi m'buku lotchedwa The Hunger in Plain View, limene linatuluka ku America mu 2017, ndipo muli zina za mu Celinspecties. Muwapemphe achimwene anuwo akubweretsereni akamabwera ku holide. Podikira, fufuzani dzina lake pa tsamba la pa intaneti la Poetry International, pamene pali ndakatulo zake zingapo m'Chidatchi ndi m'Chingerezi moyandikana. Muziwerenge mokweza, kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo muziika chizindikiro pamene woyankhulayo wanena chinthu chimene sanafune kunena. Mukatero mutenge ndakatulo yanu imodzi, muchotse ndime yomaliza ngati ili ya ulaliki, munditumizire yotsalayo.